Dzino Limodzi la Agya Ntim

Malemu Agya Ntim a ku Bantama ankakhulupirira kuti chilichonse cholakwika pa dziko lino chaphonya ndi dzino limodzi basi. Magetsi akazima, "Dzino limodzi." Kwaya ikasemphana ndi ng'oma kutchalitchi, "Dzino limodzi, abusa." Ngakhale banja langa litatha, ine ndikulira pakhonde, mkuluyu anandigwira paphewa nati, "Afrakoma mwanawe, iwe sunali woipa, iyenso sanali woipa. Dzino limodzi." Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi chipeso.

Ndinkachita lendi m'nyumba zawo, ndikuluka tsitsi pakhonde, choncho zonse ndinaziona ndi maso angawa. Atapuma ntchito ku positi anagula galimoto yakutha, naikokera pakati pa bwalo n'kuphwasula injini yonse. Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Pokafunsira Maame Dufie ku Nsuta kalekale, anafika atakwera pamwamba pa lole ya zilazi, ndipo alamu awo anawaseka mpaka kugubuduka. Pomwepo analumbira kuti tsiku lina adzamutsitsa mkaziyu pakhomo pa amayi ake m'galimoto yawoyawo. Maame anadikira mpaka imvi mbuu, mawondo n'kuyamba kukana kukwera trotro, minibasi zakwathu zija.

Injiniyo anaibwezera bwinobwino, koma anakakamira pa tcheni. Aliyense wodutsa ankamugwira pamkono n'kumuphunzitsa, afune asafune.

"Taona, gudumu la mano lapansili limayendetsa mapisitoni. Lapamwambali limatsegula mavavu. Tchenichi ndiye nkhoswe yawo. Ukaphonya dzino limodzi, injini itsokomola ngati wosuta chingambwe. Ukaphonya angapo, pisitoni imenya vavu, maliro!"

"Agya, ine ndangobwera kudzagulitsa makala."

"N'chifukwa chake ukufera m'makala!"

Tsiku loika tcheni pabwalo pankakhala lamulo. Wailesi zii, mtondo osagunda. Anthu tinkadya fufu, nsima yathu yosinja mumtondo, madzulo chifukwa mkulu mmodzi akuwerenga mano. Choipitsitsa, ankandibera kyutekisi wopaka zikhadabo za makasitomala anga. Gudumu lililonse lili ndi kadontho kake, ndiye iwo ankaimika magudumuwo madontho ali m'malo mwake, n'kupaka kyutekisi pa tcheni moyang'anizana ndi dontho lililonse.

"Agya, wofiira wanga uja ali kuti?"

"Ali pa ntchito ya boma."

"Boma lake liti?"

"Langa lino. Wapinki usabise, ndamuona."

Akatero ankatenga sipanala yaikulu n'kuzungulitsa injini ndi manja kawiri, khutu ali tcheru. Madontho a magudumu ankabwerera m'malo mwake ndendende, koma kyutekisi wa pa tcheni ankapezeka wathawira kwina. Mkulu uja ankagwira mutu. "Chaphonya!" Basi, kumasulanso zonse. Amakanika a ku Suame anawauza mpaka kutopa kuti tcheni n'chachitali, sichibwerera pamodzimodzi mukazungulitsa kawiri, muzingoyang'ana magudumu. Iwo ankangofwenthera kumbali. "Ana a changu amenewo. Kodi galimoto ndi yawo?" Zaka zinapita, ana obadwira pabwalopo anayamba sukulu akudziwa kuti galimoto ndi chinthu chotsamira podya chimanga.

Kenako amayi a Maame anamwalira ku Nsuta, abale n'kuika tsiku la mwambo waukulu wa maliro. Maame anaima patsogolo pa amuna awo manja ali m'chiuno.

"Ntim, amayi anafa akuyang'ana kumsewu. Loweruka ndikawaika. Ndikatsika trotro pamaso pa achimwene, inu mukagone m'galimoto yanuyi mpaka kalekale."

Lachisanu masana mkulu uja anazungulitsa injini, naona kyutekisi wathawa, natambasula dzanja kuti amasule. Maame anawaitana kuti akadye kaye. Atangolowa m'nyumba, mayiyo anandikodola.

"Afrakoma, mankhwala ako ofufutira kyutekisi aja. Thamanga!"

Ndinapukuta tcheni chonsecho ngati zikhadabo za mkwatibwi. Agya potuluka anafuula mpaka nkhuku zinabalalika.

"Zizindikiro zanga! Wandipha ndani?"

"Ndine," anatero Maame. "Madontho a magudumu ali m'malo?"

"Ali m'malo, koma..."

"Pozungulitsa pagunda kanthu?"

"Ayi, koma Dufie..."

"Tsekani."

Anatseka, akung'ung'udza ngati mwana womwetsedwa mankhwala. Kutacha, bwalo lonse linali panja, oyandikana nafe atakwera pampanda. Maame anakhala kutsogolo atavala nsalu yawo yofiira ndi yakuda, ine kumbuyo ndi chikwama cha zipeso. Agya anagwira kiyi, thukuta kamukamu.

"Mwina tingoonanso kamodzi..."

Maame anawamenya padzanja n'kupotokola kiyi okha. Injini inati khe, khe, kenako vuuu! Abale inu, phokoso lake! Azimayi analulutira, wina anayamba kuimba mtondo ngati ng'oma, wamakala uja anavina mpaka thumba linakhuthuka. Utsi unatiphimba tonse koma palibe anathawa. Agya, misozi ili chuchuchu, ankangonong'ona kuti, "Ikuimba, Dufie, ikuimba."

Ulendo wake unali wina. Ankayendetsa khutu lili pa injini, njinga zikutipitirira. Pokwera phiri la ku Mampong anatiletsa kulankhula. Koma tinafika, ng'oma zikulira, anthu atadzaza m'matenti. Agya anaimika pakhomo penipeni, natsika, nazungulira mwaulemu ngati dalaivala wa nduna, natsegulira mkazi wawo chitseko. Achimwene a Maame, nkhalamba yopanda mano koma lilime lakuthwabe, anayandikira ndi ndodo yawo.

"Alamu, kodi zilazi mwazisiya kuti?"

"Ndazisiya ndi inu, alamu. Lero ndabweretsa mchemwali wanu."

Maame anaseka pamaliro a amayi awo omwe, kuseka kogwira nthiti, kenako kusekako kunasanduka kulira, nalowa m'tenti atakoleka mkono wa amuna awo. Ine kumbuyoko ndinalira nawo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Agya anatisiya mvula yotsatira, atagona pampando wawo masana, opanda kuvutitsa munthu. Mwa mwambo wathu galimoto inagwera mwana wa mlongo wawo. Tsiku lomwe anabwera kudzaitenga, Maame anamupatsa kiyi osatsutsa, anangopempha kuti ayambe akhalamo pang'ono. Anakhala kutsogolo okhaokha, manja pamiyendo, ife tikunamizira kutanganidwa. Atatsika, mnyamata uja analiza injini n'kutuluka pageti.

Bwalo lathu linaoneka lalikulu mochititsa mantha, ndipo mpaka lero silinadzaze. Ndimawasowa mkulu uja, ine amene ndinkawatukwana chamumtima tsiku ndi tsiku. Tsikulo tinaima tonse kumvetsera galimoto ikutsetsereka kumsewu waukulu mpaka kuzimirira. Maame anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

"Anachedwa bambo amene uja," anatero. "Koma anandifikitsa."