Mankhwala a Lunguzi Ali pa Impso za Mbuzi

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunge, munali Komiti Yaikulu Yoona za Kulandira, Kusunga ndi Kusafulumira Kugawa Mankhwala. Wapampando wake anali Olemekezeka a Chadzunda, mwini tonde wogunda aliyense wodutsa, moti tondeyo ankakhalira pachingwe.

Mwezi uliwonse Nasibeko ankapita kukomitiko kukatenga mapiritsi a mlongo wake Lunguzi, amene ankadwala matenda a maganizo. Akamwa, Lunguzi ankasoka nsapato pamsika ngati munthu wina aliyense. Akapanda kumwa, ankamva mawu omuitanira pakati pa msewu wa malole.

Tsiku lina tonde uja anatola piritsi logwa pansi, nagona pamthunzi mpaka madzulo osagunda munthu. Komiti inaona kuti apa pali chitukuko. Posakhalitsa mbuzi za mamembala onse zinali zaulemu, ndipo Nasibeko anapeza botolo la mapiritsi lili mbee. Mtima unamuwawa kwambiri, koma anagwada ndithu.

"Mayi, mankhwala sanasowe," anatero a Chadzunda. "Tinaitana katswiri wa ziweto, anatumbula mbuzi imodzi. Akuti mankhwalawa akalowa m'thupi amakaunjikana m'tinyama tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ena chakunja, ena m'kati. Ndiye kuti tawasunga pabwino, posafika mbava."

"Nanga achimwene amwa liti, bambo?"

"Tikapha mbuzi."

Mbuzi inaphedwadi, pamwambo wa nyimbo ndi zolankhula zambirimbiri. Koma mudziwo sunkaseweretsa chikhalidwe: impso ndi zonse zomatirira pamenepo amadya ndi okhala pamipando. Nasibeko, pokhala wapamphasa, analandira mang'ina.

Kaya anali mankhwalawo, kaya kukhuta chabe, kuyambira pamenepo Komiti inafatsa kotheratu. Nasibeko atabwera ali wefuwefu kudzanena kuti Lunguzi amuchotsa pakati pa msewu lole itatsala pang'ono kumuponda, mamembala anamvetsera modekha, mmodzi akusinza.

"Nkhaniyi yatikhudza," anatero a Chadzunda, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Lero simubwerera chimanjamanja."

Anadzuka, nadutsa pambali pa tonde amene ankadziyendera yekha pabwalo, nalowa m'khola. Potuluka anali ndi chingwe, ndipo anachipereka ndi manja awiri.

"Uyu sachifunanso, anachira. Achimwene anuwo mukawasankhire mtengo wamthunzi."

Mamembala anaomba m'manja pang'onopang'ono.