Njanji pa Matabwa Atatu

Lolemba

Pulani yatha, ndipo pa pepala ndi yokongola. Zanga zonse zimakongola pa pepala.

Matabwa atatu ofanana, lililonse lotalika ngati desiki, loti munthu mmodzi anyamule n'kulowa nalo pakhomo la kalasi. Pamwamba pake njanji. Ukawalumikiza ndi mabawuti, njanji ya thabwa ili ikumane ndi ya linzake, mpata wake usapose chikhadabo. Ukamasula, uwasanjikize pakona. Nkhani yonse yagona m'mphepete: mbali zokumanazo zidulidwe ndi munthu mmodzi, pa muyezo umodzi. Ndadula chikatoni choyezera, ndaboola pomwe padzadutse mabawuti.

Sitima yake ndi kachidole kaja achimwene ananditumizira kuchokera ku Joni, injini ngati chala chachikulu, mabogi atatu. Ana anga a kalabu ya sayansi sanaonepo sitima ya pamtunda. Ukati sitima, iwo amatembenukira kudoko.

Ahedi anena mosabisa: sitima ikayenda kuchoka mbali ino kukafika mbali inayo pamaso pa makolo Loweruka, kachipinda kakale kosungiramo katundu ndi ka kalabu yathu. Ikakanika, akatenga akazi a a Mhone, achiwiri kwa ahedi, azigulitsiramo mandasi, ife tizikumanabe pansi pa mango. Mvula ili pafupi.

Zidutswa zitatu za pulayiwudi ndakasiya kwa alamu anga a Chirwa, amuna a mlongo wanga, amene amakhoma zitseko ndi mabokosi a maliro. Ati, "Zoseweretsa izi, alamu, mawa zatha."

Lachiwiri

NyaManda, mkazi wanga, wamva. Sakukwiya. Akungofunsa uku akusita: "Nanga asibweni akamva kuti ntchito yonse ya matabwa yapita kwa abale anu?"

Asibweni ndi amalume ake, okhoma maboti kudoko. Ndiwo anandilola kumukwatira, ndipo saiwala.

Ndikufotokoza za munthu mmodzi, muyezo umodzi. Akuti, "Mukawauze nokha zimenezo."

Ndatenga chidutswa chimodzi kwa alamu, ndatsika nacho kudoko. Ndanjuta, ndapereka moni, ndapereka chikatoni ndi manja awiri. Asibweni achitembenuza uku ndi uku, kenako achitsindira ndi chitini cha phula kuti chisauluke. "Tepi yanga ndi maso, aphunzitsi." Ndati yewo.

Alamu akhumudwa. Ati popeza amisiri achuluka, nawonso akhoma limodzi lokha. Lotsalalo ndikhoma ndekha. Digiri ya uinjiniya ndili nayo. Macheka ndilibe.

Lachitatu

Zomwe ndaphunzira lero:
macheka obwereka sadula mowongoka;
mwina vuto si macheka;
guluu amagwira zala msanga kuposa matabwa.

Thabwa langa lili ndi ngodya zinayi, palibe ziwiri zofanana. Ku yunivesite ndinawerengera mlatho wonse wathunthu, aphunzitsi anandiyamikira. Mlatho umenewo sunagwe chifukwa sunamangidwe.

Masana kwamveka maliro kumtunda kwa msika, mayi wachikulire wa kumpingo kwa alamu. Asiya zonse, akukhoma bokosi. N'zoyenera. Ndikudziuza mobwerezabwereza kuti n'zoyenera.

Lachinayi

Pulayiwudi wanga waikidwa m'manda lero.

Alamu analibe thabwa la pansi pa bokosi, anamfedwa anali pakhomo akudikira, maso awo anagwera pa chidutswa chomwe ndinawasiyira. Ndinali komweko kumanda, ndaimba nawo, ndaponya nawo dothi. Munthu angafunse bwanji thabwa lake pa maliro? Pobwerera alamu andigwira dzanja: "Mwathandiza kwambiri, alamu, Mulungu aona."

M'malo mwake andikhomera la paini wa ku Chikangawa wongochekedwa kumene. Ukaligwira utomoni umamata m'manja. Kulemera kwake ngati chitseko cha tchalitchi. Mabowo a mabawuti aboola mongoganizira, chifukwa chikatoni chili kudoko pansi pa chitini.

Bwanji sindinadule zikatoni ziwiri? Chifukwa amene ndinawawerenga pa intaneti anati choyezera chikhale chimodzi. Anthu amenewo alibe alamu.

Lachisanu

La asibweni lafika pa wilibala.

Ndi lokongola, ndivomere. Ndi boti. Pakati alitukumula ngati msana wa ng'ombe kuti madzi azitsetsereka. Mbali zonse zinayi akhomako mpanda wa thabwa kuti sitima isagwere kunja. Pamwamba ponse apaka phula. Sitima singagwe, komanso singalowe.

"Limeneli ngakhale mwera uwombe, silimira," atero asibweni, akulimenya ndi chikhatho. Ndati yewo. Ndabwerezanso.

Paini wa alamu wayamba kuuma, ngodya imodzi yadzuka ngati khutu la galu. Ndaikapo mwala. NyaManda wakhalapo posenda chinangwa. Iye akadzuka, ngodyayo nayo imadzuka.

Masana onse ndazungulira boti la asibweni, macheka ali m'manja. Kuwapempha sindingathe, kuwauza kuti alakwitsa sindingathe. Pomaliza ndadula kampata pa mpanda, kongokwana injini. NyaManda waona utuchi pansi. "Mwaboola boti la asibweni." Madzulo pa ndiwo wandipatsa mutu wokha wa nsomba.

Mabawuti atatu akana kulowa. Ndamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Njanji ndakhoma mothamanga, kuyesa sindinayese, ndikuopa kudziwa.

Loweruka

Makolo adzaza. Ahedi aganiza kuti chionetsero chikhale panja kuti aliyense aone. Mthunzi wa mango wapita kwa alendo olemekezeka, matabwa anga ali padzuwa kudikira malankhulidwe athe. Malankhulidwe sakutha.

Pansi pa thabwa langa ndasanjika makope a Fomu 2 kuti lifike pa msinkhu wa la alamu. Ndalumikiza batire ku njanji, zomwe zimapititsa magetsi ku injini.

Yayenda! Ana ena agwada kuti aone mawilo. Yadutsa thabwa langa lonse ili chopendekeka. Polumikizira poyamba yadumpha, bogi lomaliza lagwa, koma yapitirira. Yadutsa paini. Yalowa pa kampata bwinobwino, ndipo kwa kanthawi ndaona m'maganizo mashelefu athu m'kachipinda muja. Kenako yayamba kukwera msana wa boti, pomwe phula lafewa ndi dzuwa. Mawilo akuzungulira pang'onopang'ono. Aima. Injini ikulira ngati udzudzu.

Bambo wina kumbuyo: "Ena atsike akankhe, ndi mmene timachitira pa chikweza cha ku Mzuzu." Anthu aseka, osati mwankhanza, ndipo zimenezo ndiye zikupweteka kwambiri.

Ahedi aomba m'manja, ati khama ndi chinthu chabwino. Makiyi a kachipinda apereka kwa a Mhone ine ndikuona. Akazi awo afunsa ngati thabwa la paini ndikulifunabe, akusowa poikapo beseni.

Asibweni anakhala kutsogolo, atavala jekete. Sitima sanaiyang'ane n'komwe. Amayang'ana kampata.

Lamulungu

Pochokera kutchalitchi ndapeza anthu pakhonde: asibweni pampando wanga, alamu a Chirwa pampando winawo, NyaManda pamkeka. Ine ndakhala pansi.

Ndapepesa chifukwa chodula ntchito ya munthu wamkulu osapempha. Andikhululukira, ati ophunzira amatero. Alamu akuti vuto linali phula. Asibweni akuti vuto linali paini, sitima inafika kwa iwo itatopa kale. Pa thabwa langa agwirizana onse awiri: ndilo linayambitsa.

Injini ndaitsuka ndi parafini. Mawilo sakuzungulirabe. Mawa ndikauze ana kuti aliyense azibwera ndi njerwa yokhalira.

Kenako nkhani yeniyeni imene abwerera. Ku Chintheche kuli msuweni wa NyaManda, wowotcherera zitsulo, amene wadandaula kuti banja lonse linapatsidwa ntchito kupatula iye. Akambirana kale, ine ndisanafike. Chaka chamawa thabwa lachinayi likhale lake, lachitsulo, lolimba.

Ndikuganiza zofotokoza kuti njanji ziwiri zikagona pa chitsulo, magetsi adzadutsa m'chitsulomo, batire lidzapsa, sitima sidzasuntha n'komwe. Mawu ake ndawakonza bwino m'mutu. Onse akundiyang'ana, NyaManda makamaka.

Ndafunsa kuti miyezo ndimutumizire liti msuweniyo.

Ati ndisavutike, amayeza yekha.