Futali wa M'nkhungu

Anthu asanu ndi mmodzi tinayenda kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Mulanje kuti tikaponde pansonga ya Sapitwa, ndipo palibe anapondapo. Kuofesi kwathu ku City Centre amati inatibweza ndi mizimu. Ndinawabweza ndine.

Ulendowo anaukonza ndi Mayi Nachisale, amene timagwira nawo ntchito chipinda chimodzi. Ankaona kuti chimwalirireni mkazi wanga ndimangodziwa njira ziwiri, ya kuntchito ndi ya kutchalitchi. "A Dikoni, mudzachita nguwi m'nyumba muja ku Area 9. Tiyeni mukapume mphepo ina." Ndinavomera, ndipo mwezi wonse ndinaleka chikepe n'kumakwera makwerero mpaka pamwamba pa nyumba yathu ya ntchito (alonda ankaganiza kuti ndi lumbiro la kutchalitchi).

Wotitsogolera paphiri anali a Makwinja, bambo wosalankhulalankhula. Tisananyamuke anatipatsa malamulo. Nkhungu ikakutsekereza, ukhale pamene ulipo. Ndipo ukapeza chakudya panjira, udye wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, usatenge mbale.

"Waika ndani chakudyacho?" anafunsa Mayi Nachisale.

"Eniake phirili, mayi."

Ine ndinati ndife anthu a pemphero. A Makwinja anangoti, "Nanenso ndimapemphera, madala," n'kunyamula chikwama chawo.

Masiku awiri tinayenda bwino ndi anyamata otinyamulira katundu, kugona m'tinyumba ta alendo tamatabwa, m'mawa n'kupitirira kukanyumba kena. Tsiku lachitatu, lokwera nsonga, maondo anga anayamba kukana. Ndinatsalira pang'ono kuti ndimange chingwe cha nsapato, ndipo poweramuka anzanga kunalibe. Nkhungu inali itafika osamveka. Dzanja langa lomwe ndinkaliona ngati la munthu wina. Mbalame zinasiya kulira, mphepo inaima. Ndinakhala pansi monga anatiuzira.

Kenaka kunabwera fungo la nsinjiro.

Kuseri kwa mwala umene ndinatsamira kunali bakuli lomangidwa m'kansalu koyera. Ndinaligwira. Linali lofunda. M'kati munali futali, mbatata yoduladula bwino, mchere wochepa monga ankaphikira malemu mkazi wanga adokotala atandiletsa mchere. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinapemphera (pemphero lake lija la pachakudya, chifukwa lina silinabwere m'mutu), kenaka ndinadya. Sindinganame kuti inali njala yokha.

Ndili pakati pa kudya ndinamva mawu patali. "A Dikoni! A Dikoni!" Munthu amene dzana ndinkati ndife a pemphero ndinatseka pakamwa, poti lamulo linati mwakachetechete. Anaitana mpaka mawu anasasa. Ine ndinamaliza, ndinamanganso kansalu, ndinabweza bakuli pamalo pake, ndipo ndinasendera chapatali ndisanayankhe.

A Makwinja anandipeza thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Titafika pamene anasiya enawo, anapita pamwala wina, n'kuima.

"Alipo wasuntha chakudya changa? Ndinachisiya apa pothamangira madalawa."

Onse anakana. Mayi Nachisale anagwira mkono wanga. "A Dikoni, mwamva? Palibe wachoka pano. Chapita chokha."

Ndinaona kuti m'nkhungu muja ndinali pafupi ndi anzanga kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ndadya nkhomaliro ya munthu wosauka amene ankang'amba mmero kundifunafuna. Apa ndiye panali poti ndilankhule. Ndinangopukuta pakamwa.

Mmodzi anati eniake atenga chakudya monga chenjezo, kenaka atenga munthu. Wina anati iye ali ndi ana aang'ono. A Makwinja anayesa kunena kuti nkhungu ikuchoka, nthawi ikadalipo, koma palibe anafuna kumva. Anandipempha ineyo kuti nditsogolere pemphero lotiteteza. Ndinapemphera ndithu, mimba ili yokhuta, ndipo tinatembenuka nsonga ikuoneka poteropo.

Mawa lake potsika, futali uja ankandilemera kuposa chikwama. Titafika pansi pa phiri ndinawakokera a Makwinja pambali.

"Bambo, ndakulakwirani. Chakudya chanu ndinadya ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Munadya chiyani, madala?"

"Futali. Wa m'bakuli muja."

"Ine ndinatenga chinangwa chophika, m'pepala la pulasitiki. Chimenecho akhwangwala amaba kawirikawiri, ndinangosowa wondimvera dzulo. Bakuli sindikwera nalo phiri, limalemera."

"Nanga onyamula katundu athu?"

"Anatsala kukanyumba onse. Dzulo kumtunda kuja kunalibe gulu lina."

Galimoto yathu inali italira kale, anzanga akundikodola.

"Anali wokoma?" anafunsa a Makwinja motsitsa mawu.

Ndinavomera ndi mutu.

"Basi, pitani bwino. Musakayankhule kwambiri."

Kuofesi ndinawauza Mayi Nachisale kuti ulendo unalephereka chifukwa cha ine, kuti ndinamva akundiitana koma sindinayankhe, ndipo pamene ndikanathetsa mantha a anthu ndinasunga ulemu wanga. Anandikwiyira sabata ziwiri, ndipo anayenera. Za bakuli sindinawauze, poti sindidziwa kuti ndingazinene bwanji pa nthawi ya tiyi.

Chaka chino akukonzanso ulendo, ndipo dzina langa alichotsa. Ndawapempha kuti alibwezere. Iwo akuganiza kuti ndikufuna kukafika pansonga, ndipo ine sindinawatsutse.