Njerwa Pansi pa Makina a Nyenyezi

Ine pa esiteti ya tiyi ndinali kapitawo woopedwa. Ndikakuwa kumunda wakumtunda, akumtsinje ankasiya macheza. Koma njerwa imodzi, imodzi yokha, inandivula ulemu.

Bwana wathu anaitanitsa kamera yojambulira nyenyezi. Inkakhala pa makina onga wotchi: chitsulo cholemera chili lende pa tcheni, chikamatsika pang'onopang'ono kamera imatembenuka kutsata nyenyezi. (Izi ndinazimva pambuyo pake. Tsikulo ndinkangogwedeza mutu ngati wodziwa.)

Kutangoda anati, "Kapitawo, lero tiyese ngati makina atsata bwino. Suzumira m'kachitoliro aka, muli kamtanda. Nyenyezi isachoke pakamtanda." Iye n'kupita kukadya.

Ndinasuzumira. Mayo ine! Nyenyezi ili phee pakamtanda, kumbuyo kwake zinzake mbwee ngati maluwa a tiyi, zimene maso anga anali asanazionepo. Ndinavula chipewa.

Poweramuka ndinaona chitsulo chija chatsika. Ndinati tcheni ikupulumuka iyi, chikagwa mlandu ndi wanga. Ndinathamangira njerwa n'kuchirikiza pansi pake. Makina anasiya kulira. Ndinadzitama mumtima.

Kusuzumiranso, nyenyezi ikuyenda! Ikuchoka pakamtanda mwakachetechete, zinzake pambuyo, thambo lonse lili pa ulendo. Kuti zimasuntha ndinkadziwa, koma kuziona ndi maso zikupita inali nkhani ina.

"Iwe! Bwerera pamzere!" ndinakuwa, mpaka agalu akumalayini a antchito anauwa. Sinatembenuke n'komwe. (Kanali koyamba kuti wina andinyozere.)

Njerwa ndinaichotsa bwana asanabwere. M'mawa mwake galasi la chithunzi linatuluka nyenyezi zonse zili ndi michira ngati mbululu. Masiku awiri bwana anamasula makina, kufunafuna chovuta, osadya. Tsiku lachitatu mtima unandikanika.

"Bwana, makina alibe mlandu. Ndinaika njerwa."

Ndinadziwa kuti ukapitawo wapita. Bwana anangondifunsa funso limodzi.

"Makina unaimitsa. Nanga thambo linakumvera?"

Sabata ziwiri ndinabereka dengu, kutchola tiyi pakati pa amayi omwe ndinkawakalipira aja. "Akapitawo," ankatero, "takuwirani dzuwalo libwerere, ndime yathu sinathe!"

Ndinaphunzira kuti chinthu chikamayenda pang'onopang'ono sikuti chawonongeka ayi, umachisiya chiyende. Atandibwezera ukapitawo Lolemba, phunziro limeneli ndinalisunga bwinobwino mpaka Lachitatu.