Matiresi Omwe Anachedwa Kufika Pansi

Pulani yonse inabadwira m'bala mowa utayamba kulankhula, ndipo anaibereka ndi Pulofesa. Dzinali analipeza chifukwa anafikako ku sekondale, ngakhale anabwerako aphunzitsi asanamuzolowere nkhope.

Pansanjika yachitatu ya sitolo ina ya katundu wa m'nyumba panali jenereta yatsopano, yolemera ngati ng'ombe. Masitepe anali ndi geti lachitsulo, koma zenera lakumbuyo linkatseguka ukangolikankha. Pulofesa anati iye ndi Chimimba, chimphona cha gulu lawo la mbava, akwera pamakwerero Lamlungu masana mlonda akuwodzera, aponya matiresi m'lole, jenereta n'kutsatira pompo, kukagwera pofewa.

Loleyo ndi imene inkamudya mtima Giya, dalaivala wawo. Inali ya apongozi ake, bambo woti fumbi likatera pagalasi amafunsa komwe lachokera. Anaibwereka ponama kuti akukasamutsa mnzake, ndipo mkazi wake anamuuziratu kuti ikangokandika, asaonekenso pakhomo. Ndiye Giya anafunsa mwaulemu ngati sikungakhale bwino kudikira kaye kuti matiresiwo afike.

"Kudikira n'kwa mbava zosaphunzira, aise," anatero Pulofesa. "Chilichonse chimagwa paliwiro limodzi, kaya mwala kaya nthenga. Choyamba kuponyedwa ndiye choyamba kufika. Sayansi imeneyo."

Anagwetsa kiyi wa lole ndi chitsekerero cha botolo, zonse zinafikadi pansi limodzi. Chimimba anaomba m'manja, Giya mtima unakhala m'malo. Tsoka lake, tsiku limene aphunzitsi ankafotokoza kuti mpweya umatchinga chinthu chotambalala, Pulofesa n'kuti atasiya kale sukulu.

Lamlungu Giya anaimika lole pansi pa zenera, anayala nsalu pa boneti kuopa fumbi, n'kuima pambali akuyang'ana kumwamba. Matiresi anatuluka. Jenereta inatuluka pambuyo pake.

Matiresiwo atangomva mphepo anaiwala kuti atumidwa. Anatambasuka, anapendekera uku, anapendekera uko, akutsika monyada ngati mkwatibwi. Jenereta inawadutsa osapereka ndi moni womwe, inakafika m'lole yokha. Chitsulo chinalira, matayala akumbuyo anaphulika onse awiri, galasi linayoyoka, lole n'kukhala pansi mphuno ili m'mwamba. Giya anamva kuti ukwati wake wathera pomwepo.

Matiresi aja anali asanamalize ulendo. Anakhotera kukhoma, anakankha makwerero n'kuwagwetsa, kenako anatera mwaulemu pambali pa lole, opanda ndi banga lomwe.

Kumwambako Chimimba anatulutsa mutu pazenera, akufunsa kuti atsika bwanji. Pulofesa anati angodumphira pamatiresi, pakuti tsopano afika. Chimimba anayankha kuti sayansi yamukwana, ayambe mwini wake. Anali akukanganabe pamene mlonda, tulo titamuthera, ankaimbira apolisi.

Giya akanatha kuthawa, miyendo anali nayo. Koma athawira kuti, dzina la apongozi ndi nambala yawo ya foni zili zolembedwa ndi penti pachitseko cha lole? Anangokhala pamatiresi paja manja ali m'masaya, mpaka apolisi anafika, anawerenga pachitsekopo n'kuimba.

Posakhalitsa pakona panatulukira bambo wachikulire, akubwera mwamdidi, jekete lili m'manja. Giya sanadikire unyolo. Anadzuka yekha, anakwera m'galimoto ya apolisi, nadzipanikiza pakona.

"Bwana, tsekani chitsekocho," ananong'ona. "Ndipo musafulumire kunditulutsa."