A Gogoda ndi Ampulifaya ya ku Kitwe

A Lazaro Mbewe sankagula chinthu asanachigogode. Kaya ndi khasu, kaya ndi mphika, kaya dzungu, ankayamba apinda chala, go! go! go! kenako n'kutchera khutu ngati m'katimo muli wina woti ayankhe. Akatha apo ankanunkhiza, ndipo chinthucho chikakhala chaching'ono ankachilawako. Dzina la Lazaro linkagwira ntchito kutchalitchi kokha. Kuyambira ku Mkaika mpaka pa Katete tonse tinkangoti a Gogoda, ndipo eni ake ankavomera bwinobwino.

Ine ndine Amos. Masiku amenewo ndinkayendetsa injini ya chigayo pa Katete, m'mphepete mwa msewu waukulu, ndiye zambiri ndinaziona ndi maso angawa, ngakhale anali maso odzaza ufa.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, analowa m'sitolo ya mmwenye kukafuna bulangeti.

"Lotentha ili?"

"Lotentha kwambiri, madala."

"Tiona."

Anayala pansi pomwepo, pakati pa matumba a mchere, n'kufunda mpaka kumutu. Ogula ankangowalumpha. Anadzuka patapita maola awiri thukuta lili kamukamu, napinda bulangeti lija mwaulemu n'kulibweza pamalo pake.

"Lapitirira muyeso," anatero. "Ndidzabwera mu Juni tidzayesenso."

Wogulitsa njinga wina anapusa, anawalola kuti aiyese. Munthu ankati mwina azungulira mtengo wa mango n'kubwera. Iwo anakafika ku Sinda. Mwini njinga atayamba kale kufunsa njira ya kupolisi, a Gogoda anatulukira fumbi lili mpaka m'nsidze.

"Popita ili bwino," anatero, "koma pobwera chishalo chimatsina."

Anaigula patatha mwezi, mwini wake atatopa n'kutsitsa mtengo kuti angopuma.

Akazi awo, a Naomi, amene iwo ankawaitana ndi mfunda wawo kuti Anankhoma, ankangoseka tikamadandaula. "Inu mukulira za njinga? Ine anandiyang'ana zaka zitatu asanatumize ankhoswe. Amalume anga anachita kuwafunsa ngati akufuna andiwerengenso mano."

Awiriwa anali ndi chizolowezi chimodzi. Akaweruka kumunda, dzuwa litapendeka, Anankhoma ankakhala pakhonde kusenda mtedza, a Gogoda n'kutenga gitala yawo yakale imene anabwera nayo kuchokera kumafamu a fodya. Kunena zoona sanali katswiri. Ankadziwa nyimbo ziwiri, ndipo yachiwiriyo inali yoyamba yomwe ija koma yofulumira. Anaipeka okha ali mnyamata, poimbira mtsikana amene ankamuyang'ana zaka zitatu uja. Anansi anatopa nayo kalekale, koma Anankhoma ankagwedeza mutu kuivomereza tsiku ndi tsiku.

M'chaka cha 1958 Anankhoma anadwala malungo aakulu. Anachira, koma makutu anayamba kutseka pang'onopang'ono. Sanauze munthu. Tsono munthu ungabise chilema kwa a Gogoda? Tsiku lina anabwera kuchigayo opanda chimanga, nakhala pa thumba la eni ake.

"Amos, ndawayesa Anankhoma."

"Mwawayesa bwanji?"

"Ndinangoyendetsa zala pamwamba, nsambo osazikhudza. Iwo mutu uli gwedegwede. Nditasiya akuti, lero mwaimba bwino, a Mbewe."

Anayesa kuseka koma sizinatheke. Zinandimvetsa chisoni. Ndinangonamizira kupukuta injini imene ndinali nditaipukuta kale.

Ndiye mu 1960 kunatulukira Davison. Anali bambo wa kwathu konkuno amene anakhala zaka zambiri ku Kitwe akuimba m'bandi ya m'malo omwera mowa. Bandi itatha ndi ndewu, aliyense anathawa ndi chimene anagwira, ndipo iye anagwira ampulifaya, bokosi lokuzira mawu a gitala. Tsopano ankafuna kulima, ndiye bokosilo ankalisinthanitsa ndi ng'ombe. Analibweretsa kwathu chifukwa injini yathu inkapukusanso kajenereta kowunikira sitolo ya abwana, eni chigayocho, ndipo kudera lathu lija magetsi ena kunalibe.

A Gogoda anafika Lachinayi m'mawa, gitala ili kumsana ngati mwana. Anazungulira bokosi katatu. Anagogoda pamwamba, m'mbali, ndi pansi. Analinyamula n'kulitula msanga.

"Mwaikamo njerwa?"

"Amdala, iyi ni olijino," anatero Davison m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Kulema kwake ndiye mphamvu yake."

"Nanga zipsera izi?"

"Ni ndudu chabe. Woimba gitala ya besi anali kuika pamenepo."

"Nsalu yakumasoyi yang'ambika. Chogwirira ichi ndi chubu cha njinga. Kutereku yavutika, eti? Tsegula kumbuyo, ndione mano."

"Sii ng'ombe, amdala."

"Ukufuna ng'ombe yanga. Tsegula."

Davison anamasula thabwa lakumbuyo. Munatuluka mphemvu zitatu zonenepa, ndipo a Gogoda anaziperekeza ndi maso mpaka pakhomo.

"Izi ndi zako kapena zili pamtengo womwewo?"

M'katimo munali timabotolo tagalasi tisanu titaima pamzere. Davison anati dzina lake ndi mavalavu, ndipo ndi mmene mumapsa mawu. A Gogoda anagogoda kamodzikamodzi ndi chikhadabo. Kamodzi kanali kakuda pamutu, ndipo anakayang'ana nthawi yaitali monga ayang'anira dzino lobooka. Ananunkhiza, nati mukumveka fumbi, mowa wa masese ndi moyo woipa. Atatero anatenga gitala yawo n'kumapita, osalola n'komwe kuti tiyatse. Akuti ng'ombe suikoka pa goli tsiku limene waiona.

Lachisanu ndiye kunali ntchito. Ndinachotsa lamba wa chigayo kuti phokoso lichepe, injini izingopukusa jenereta kuseri. Amayi amene anabwera kudzagayitsa anayamba kundinena.

"A Amos, ana adya nyimbo lero?"

Davison anamata kachitsulo kokhala ndi waya pansi pa nsambo za gitala ya a Gogoda, nalumikiza ku bokosi, n'kuyatsa. Kunali zii.

"Yafa," anatero a Gogoda mokondwa.

"Lindilani, iyamba yawotha."

"Chinthu choti dzuwa lakwera chonchi chidakafuna kuwotha? Ndi chaulesi."

Timabotolo tija tinayamba kufiira ngati makala. A Gogoda analowetsa chala kuti amve ngati ndi moto weniweni, ndipo anauzidwa zoona. Ali mkati moyamwa chala, bokosi linayamba kung'ung'udza pansipansi, mmmmm, osalekeza.

"Muli njuchi."

"Ni mwamene zimachitira zonse, amdala. Mukayamba kuliza simuzamva."

Anakhala pa thumba, mapazi ali pansi opanda nsapato monga mwa nthawi zonse, nagwira nsambo. Ndinangoona munthu wamkulu ali m'mwamba.

"Mayo! Yandiluma!"

Anayesanso, chifukwa iwo chinthu sankachikhulupirira kamodzi. Inawalumanso. Davison anati pansi panali chinyezi, ndiye tinawaikira thabwa louma kumapazi n'kuwabwereka nsapato zanga za matayala. Kuluma kunatha. Koma pofuna kumvetsetsa, anayandikitsa gitala kukamwa kwa bokosi, uku atapotokola kachitsulo kokwezera mawu mpaka pothera. Bokosi linalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Mbuzi zinathawa, mayi wina anataya lichero, ndipo abwana anatuluka m'sitolo atanyamula ndowa ya madzi.

Phokoso litatha, a Gogoda anayamba kupinda zala.

"Imachedwa kudzuka. Ili ndi malungo. Imang'ung'udza. Imaluma. Imakuwa. Dzino limodzi ndi lowola. Ukufuna ng'ombe pa chimenechi? Mwina mbuzi. Yaikazi ayi."

Davison anapsa mtima. "Amdala, mwanitaila masiku awili. Kuli mphunzitsi ku Vubwi aifuna. Mailo masana nikwela nayo lole."

Ndinaona nkhope ya a Gogoda ikugwa, ngakhale anayesa kubisa. Kuyambira kale ankakonda wogulitsa akakwiya, chifukwa ndi pamene mtengo umatsika. Ulendo uno sanakondwe ayi.

"Kwatsala kuyesa kumodzi," anatero motsitsa mawu. "Undidikire mawa mpaka dzuwa lifike pamutu."

Loweruka anafika atakweza Anankhoma pa njinga yotsina ija, mtanga wa chimanga uli pamiyendo. Anawanamiza kuti akudzagayitsa. Anawakhazika pa thumba pafupi ndi bokosi, iwo n'kuvala nsapato zanga osapempha, naponda pa thabwa. Anthu anali atadzaza mpaka panja, poti mbiri ya dzulo inali itafika kale kumsika. Tinadikira kuti timabotolo tifiire.

Anayamba nyimbo yoyamba ija. Anankhoma ataona zala zikuyenda anayamba kugwedeza mutu monga mwa masiku onse, kumwetulira kwaulemu kuli pankhope. Davison anakwezako mawu pang'ono. Anakwezanso. Malata a chigayo anayamba kunjenjemera, ufa n'kumagwa kudenga.

Mutu wa Anankhoma unaima. Kumwetulira kunachoka. Anatembenuka n'kuyang'ana bokosi, kenako amuna awo, tsinya lili pamphumi.

"A Mbewe!" anakuwa, monga amakuwira anthu osamva. "Imani kaye! Nsambo yachitatuyo yakhwefuka. Zaka ziwiri zonsezi mwakhala mukuimba zoterezi?"

Chigayo chonse chinafa ndi phwete. A Gogoda okha sanaseke. Anamangitsa nsambo ija misozi ikutsikira m'ndevu, nayambiranso, ndipo Anankhoma anayamba kuimba nawo mawu ake, pamalo pake penipeni. Atatha yoyamba anaimba yachiwiri. Amayi amene ankandinena dzulo lake ankalulutira.

Ataika gitala pansi, tonse tinatchera khutu kuti timve mmene atsitsire mtengo. Davison anali atakonzeka kale kutsikira pa mbuzi zitatu.

"Davison, Bantomu ali m'khola. Ukatenge."

Bantomu inali ng'ombe yawo yolimira, imene anaiyang'ana nyengo ziwiri za dzinja asanaigule.

"Nanga njuchi zija, amdala? Na dzino lowola?"

"Ndati ukatenge. Ndi goli lomwe."

Ine ndinalephera kupirira. "A Mbewe, kumudzi kwanu kuli magetsi?"

"Ukuyesa sindinaganize? Bokosi likhala pompano. Iwe uzilifunditsa thumba, lisamwe ufa."

Sanandipemphe, sanapemphenso abwana, koma zinatero. Loweruka lililonse masana ndinkachotsa lamba, njinga n'kutulukira ndi anthu ake awiri. Abwana anayamba adandaula za mafuta, koma ataona kuti odzamvera nyimbo akugulanso sopo ndi shuga anakhala chete. Kumunda a Gogoda anabwerera ku khasu. Wina akawaseka kuti anasinthanitsa ng'ombe ndi njuchi, ankayankha kuti Bantomu sanawachititsepo Anankhoma kuimba.

Zinayenda choncho zaka zitatu. M'nyengo yozizira ya 1963 chifuwa chinawagwira. Atazindikira kuti sadzukanso, anaitanitsa kalipentala kuti abwere ndi matabwa a bokosi lawo lomaliza. Anagogoda limodzilimodzi ali gone pamphasa, nabweza awiri kuti ali ndi chiswe. Akadakhala ndi mphamvu akadagonamo maola awiri. Anamwalira Lachitatu lotsatira.

Katete wakhala wofulumira masiku ano. Munthu amalowa m'sitolo, kuloza, kulipira, kutuluka, ndipo ogulitsa amene ankabisala akaona a Gogoda akubwera ndi omwe akudandaula kuti tsiku silikutha. Ine ndinadzipeza pamsika ndikugogoda dzungu. Mayi wogulitsayo anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana, ndipo tonse tinangotembenukira kumbali.

Anankhoma tsopano samva chilichonse, ngakhale bingu. Gitala ili kumudzi, palibe woiliza. Koma Loweruka amabwerabe wapansi, ndi kachimanga kochepa m'kansalu koti sikangadzaze ndi mbale yomwe.

"Amos, yatsa."

Ndimachotsa lamba, ndimavundukula thumba, ndimayatsa. Timadikira kuti timabotolo tifiire. Bokosi likayamba kung'ung'udza njuchi zake zija, iwo amaika chikhatho pa nsalu yong'ambika ija kuti amve kunjenjemera kwake, n'kutseka maso. Tsiku loyamba ndinawakodola kuti palibe amene akuimba. Anandiyang'ana ngati ine ndiye wosamva.

"Asiye a Mbewe," anatero. "Adakamangitsa nsambo. Sayamba chinthu asanachiyese."

Amayi a pamzere sandinenanso za ana anjala. Amakhala pa matumba awo phee, ndipo lamba sindimubwezera mpaka Anankhoma atachotsa dzanja.