Thumba la Fanuwelo

Pali tsiku limene ndinatuluka m'nkhokwe kudzera pansi, osati pamwamba monga amachitira anthu. Ndikufotokozerani, koma musakauze a kwa Chisepo (akudziwa kale, kungoti asakumbutsidwe).

Inali nthawi imene tinangoyamba za zipani zambiri, aliyense akuti ufulu wabwera. Ine ufulu umenewo sindinaukhulupirire. Ndinakagula maloko ku Mponela n'kumanga makiyi m'chiuno, kuti mtedza wanga wambewu usapeze ufulu nawonso.

Mdzukulu wanga Tiyamike ankaphunzira za kompyuta ku Lilongwe. Pa holide anabwera ndi mnzake wa m'kalasi, Fanuwelo, wa nsapato zowala ndi mano osalowa m'kamwa. Ankati posachedwa atumiza amalume ake kudzafunsira mbeta. Munthu woseka nthabwala isanayambe, ine ndimamuyang'ana kawiri.

Masana ena awiriwa anakhala pamthunzi pafupi ndi nkhokwe, akunong'onezana. Ndinazembera kuseri, kukwera makwerero, n'kulowamo (pa msinkhu wangawu, inde). Kudzera m'mipata ya nsungwi ndinamva Fanuwelo akuti, "Kiyi akhale mmodzi basi. Zonse tiziika pa iyeyo. Tikangomutchula, zonse zituluka."

"Nanga zakale zija?" anafunsa Tiyamike.

"Sizitayika. Tingokonza thumba."

Kiyi. Thumba. M'maganizo ndinaona mtedza wanga uli pa njinga, ukupita. Ndinadzambatuka kuti ndikuwe, koma mitengo yapansi inali itadyedwa ndi chiswe. Ndinatulukira kunsi pamodzi ndi chimanga, miyendo patsogolo, chitenje chitatsalira m'mwamba. Zoyamba kufika pamalo a ngozi zinali nkhuku.

"Agogo, mumatani m'menemo?" anatero Tiyamike akundikoka.

"Ndimaona anankafumbwe. Koma kiyi wanga simumununkha, akuba inu."

Mwanayo anaseka mpaka misozi. Kenako anandifotokozera kuti kiyi wawoyo si wachitsulo. Mu kompyuta chinthu umachisunga pa dzina, dzinalo ndiye kiyi. Ukasunga chimanga pa dzina, tinene la Dzoole, kenako n'kusunganso fodya pa dzina lomwelo, chimanga chija chimafufutika. Ndiye iwo amapangana zopachika thumba pa dzinalo, kuti chimanga, fodya ndi zina zonse zizilowa m'thumbamo. Inali ntchito ya kusukulu.

Manyazi anandigwira mpaka m'zala. Fanuwelo anawonjezera mchere. "Zimenezi akuluakulu zimawavuta, agogo. Musadandaule."

Ndinali ndidakali pansi, ndikuchotsa makoko m'tsitsi. "Ndamva bwinobwino, achimwene. Dzina limodzi, zambiri m'thumba, chatsopano chilowa chakale osachoka. Nanga pa dzina lanulo, m'thumba muli atsikana angati?"

Kunena zoona, ndinangofunsa kuti anthu aiwale za chitenje. Koma mano aja analowa m'kamwa koyamba chifikire.

"Za Esinati wakuuzani ndani?"

Ine Esinati ndinali ndisanamumvepo chibadwire. Ndinangogwedeza mutu ngati wodziwa zambiri.

"Esinati ndiye utinso?" anatero Tiyamike. "Si unati uja wa ku Mponela dzina lake ndi Mere, ndipo munasiyana?"

"Ayi, za Mere ndi nkhani ina, imeneyo ndikufotokozera bwino..."

"Tsanula thumba lonse, bambo," ndinatero. "Takhala kale pansi."

Sanatsanule. Anatenga njinga yake, mabuku n'kuwaiwala pamphasa, ndipo amalume aja sitinawaone. Tiyamike analira, n'kukhala masiku osandilankhula. Tsiku lobwerera kusukulu anandithira mafuta pachiuno pamene ndinapweteka pogwa paja, ine n'kudziwa kuti mlandu watha. Pano ali pabanja ndi munthu wina, wofatsa ndithu (ndikumufufuzabe).

Ana anga amati pa zimenezi ndinayenera kuphunzira kuti kumvetsera nkhani za eni n'koipa. Kuphunzira ndinaphunziradi. Masiku ano ndisanabisale pamalo, ndimayamba ndaponda kaye ndi mwendo umodzi.